Kuwedza sikwidi uli chiimire m'madzi: jigi, mchere ndi kudzaza kwa nyanja

Pa Facebook ndi pa TikTok pakuzungulira mavidiyo a anthu ataima mumtsinje m'madzi ofika m'mawondo, akuponya kanthu kooneka ngati kachidole, kenako n'kuvuula chamoyo cha miyendo yambiri chikulavula madzi akuda bii. Kuno ku Lusaka mafunso amakhala omwewo: ndi nsomba yanji imeneyi, nanga ikugwidwa bwanji popanda nyambo? Ena afika pofunsa ngati angakayese pa Kafue kapena ku Siavonga.

Chamoyocho ndi sikwidi, chimene m'malesitilanti amachilemba kuti calamari chikadulidwa ngati mphete n'kukazingidwa. Ku Dar es Salaam amati ngisi, ku Mozambique amati lula, ndipo ku South Africa mtundu wawo wa ku Eastern Cape amautcha chokka. Pa Kafue, pa Kariba kapena pa Luangwa simudzaipeza, chifukwa palibe mtundu ndi umodzi womwe wa sikwidi umene umakhala m'madzi opanda mchere. Mtsinje wa m'mavidiyowo ndi mtsinje dzina lokha: ndi chigawo cha kumathiriro, kumene nyanja yamchere imalowa ndi kutuluka tsiku lililonse.

Sikwidi si nsomba

Sikwidi ndi mbale wake wa nkhono, kungoti chigoba chake chinasanduka kafupa kopyapyala kooneka ngati pulasitiki, kobisika m'kati mwa msana. Ili ndi miyendo 8 yaifupi ndi ina 2 yaitali imene imaiponya pogwira chakudya. Pakati pa miyendoyo pali mlomo wolimba ngati wa chinkhwe. Ili ndi mitima 3, magazi ake ndi abuluu, ndipo khungu lake limasintha mtundu msanga kuposa bilimankhwe. Posambira mwachangu imadzaza madzi m'thupi n'kuwatulutsa mwamphamvu pa kapaipi kamene kali pansi pa mutu, choncho imathawa chafutambuyo, ngati chibaluni chimene mwachiuzira n'kuchitaya osamanga. Mitundu yambiri imakhala ndi moyo pafupifupi chaka chimodzi chokha, n'chifukwa chake imadya kwambiri ndipo imakula mofulumira.

Kwa msodzi, chofunika kwambiri ndi kadyedwe kake. Bream kapena mlamba umameza nyambo, mbedza n'kukola pakamwa. Sikwidi simeza. Imaponya miyendo iwiri yaitali ija, n'kukokera chakudya kwa iyo, n'kuchikumbatira ndi miyendo inayo, kenako n'kuyamba kuluma kumbuyo kwa mutu. Mbedza wamba ilibe pokola pamenepa. Pamafunika chinthu chokola miyendo.

Jigi ndi chiyani

Jigi ya sikwidi ndi nyambo yopanga, yooneka ngati prawn. Amene anaonapo crayfish zija amagulitsa ku Kafue aganize za kakang'ono kopanda zopanira. Inachokera kumwera kwa Japan, kumene amaitcha egi, kutanthauza nyambo yamtengo, popeza zoyambirira ankachita kusema. Za masiku ano thupi lake ndi lapulasitiki lokutidwa ndi kansalu, kuti sikwidi ikagwira isamve kuterera n'kutaya. Pansi pa chibwano pali kamtovu, m'mbali muli tinthenga toithandiza kuti isapendekeke, ndipo kumchira kuli mizere iwiri ya timisomali tosongoka tozungulira ngati nthiti za ambulera.

Timisomalito tilibe kadzino kobwerera m'mbuyo kamene kamakhala pa mbedza wamba. Mfundo imeneyi muisunge, chifukwa ndiyo imalamula zonse zimene mudzachite sikwidi ikakola.

Kukula kwa jigi amakulemba ndi manambala monga 2.5, 3.0 ndi 3.5. Nambala iliyonse yathunthu ikuimira pafupifupi masentimita 3, ndiye ya 3.0 ndi yotalika masentimita 9, ya 3.5 masentimita 10 ndi theka. Kulemera kwake kumakhala cha m'ma magalamu 10 kwa ya 2.5, magalamu 15 kwa ya 3.0 ndi magalamu 20 kwa ya 3.5. Makampani monga Yamashita ndi Yo-Zuri amalembanso papaketi liwiro la kamiridwe: jigi wamba imatenga masekondi 3 kapena 4 kuti imire mita imodzi, pamene yopangidwira madzi osaya imatenga masekondi 6 kapena kuposerapo. Kwa munthu woima m'madzi, nambala ya kamiridweyi ndi yofunika kuposa mtundu wa nsalu. Pamalo pozama mita imodzi ndi theka, jigi yomira msanga imafika pa udzu sikwidi isanaiyang'ane n'komwe.

Za mitundu anthu amakangana kwambiri. Akatswiri anapeza kuti sikwidi zambiri sizisiyanitsa mitundu monga timachitira ife, koma zimaona bwino kusiyana kwa chowala ndi chodera. Asodzi nawo amalumbira kuti tsiku lina pinki ndiye amagwira, tsiku lina wobiriwira. Mbali ziwirizi sizitsutsana kwenikweni, chifukwa mtundu uliwonse umawala mosiyana m'madzi. Chizolowezi cha ambiri n'chakuti madzi akayera mbee dzuwa likuswa amaika yofiirira kapena yobiriwira, kukachita mitambo kapena madzi akadetsedwa pang'ono amaika pinki kapena olenji, ndipo usiku amaika yonyezimira mumdima. Majigi anayi kapena asanu ndi okwanira poyambira.

Mtsinje umene umabwerera m'mbuyo

Ife a kumtunda tinazolowera kuti mtsinje umadzaza m'dzinja n'kuphwa m'chilimwe. Kumathiriro zimenezi zimachitika kawiri pa tsiku. Mphamvu ya mwezi ndi dzuwa imakoka madzi a nyanja, ndipo m'magombe a kum'mawa kwa Africa nyanja imadzaza kawiri ndi kuphwa kawiri pa maola 24 ndi mphindi 50. Kuchoka pophwa kufika podzaza pamadutsa maola 6 ndi mphindi pang'ono, ndipo mawa lake zonse zimachedwa ndi mphindi pafupifupi 50. Mwezi ukakhala wathunthu kapena ukakhala mumdima, madzi amadzaza kwambiri ndi kuphwa kwambiri. Ukakhala theka, kusiyanako kumachepa ndipo madzi sathamanga kwambiri.

Nyanja ikamadzaza imakankhira madzi ake amchere m'kati mwa mtsinje, mpaka mtsinjewo umaoneka ukuyenda chobwerera. Madzi a m'nyanja amakhala ndi mchere pafupifupi magalamu 35 pa lita, ndipo sikwidi zambiri zimafuna mchere wosatalikira pamenepo. Zimalowa ndi madzi odzazawo kutsata tinsomba ndi ma prawn pa udzu wa pansi pa nyanja, ndipo madzi akayamba kusukuluka zimabwerera. Choncho nthawi yodalirika kwambiri ndi maola awiri omaliza nyanja ikudzaza ndi ola loyamba itayamba kuphwa. Nthawi imeneyi ikakumana ndi mbandakucha kapena chisisira chamadzulo, ndiye mwapeza tsiku.

Sikwidi imasaka ndi maso, ndiye madzi ovunduka ndi mdani. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa posankha malo, poganiza kuti mtsinje waukulu ndiye uli ndi zambiri. Zambezi pothira m'nyanja ku Chinde imabweretsa madzi ochuluka opanda mchere ndi matope, ndipo Pungwe ku Beira nayo ndi yamatope. Malo abwino ndi timitsinje ndi timakhwawa ta m'gombe timene madzi ake ambiri ndi a nyanja, pomwe pansi pali mchenga wosakanikirana ndi udzu ndipo mukaima mukuona mapazi anu. Mvula yamphamvu ikagwa kumtunda, ngakhale malo otero amafa kwa masiku angapo. Gombe la Mozambique limalandira mvula nyengo yofanana ndi yathu, kuyambira cha mu Novembala mpaka Malichi, ndiye miyezi yopanda mvula ndi imene madzi amakhala oyera.

Usiku nyali za pa milatho ndi pamadoko zimaitana tinsomba, monga mmene nyali zimaitanira kapenta pa Kariba. Sikwidi sikhala pakati pa kuwalako. Imabisala m'malire a kuwala ndi mdima, ndipo m'menemo ndi moponya jigi. Koma kulowa m'madzi usiku pamalo achilendo n'kosayenera. Usiku wedzani muli pamtunda.

Zida zake

Ndodo yopepuka yotalika mamita 2.3 mpaka 2.6, yansonga yofewa, ndi rilo (chokulungira chingwe) ya saizi 2500 n'zokwanira. Ndodo imene mumawedzera bream ingagwire ntchito, koma ya tiger ndi yolimba mopitirira, imang'amba miyendo ya sikwidi. Pa rilo ikani chingwe chopyapyala choluka chimene amati braid, cha makulidwe olembedwa PE 0.6 kapena 0.8. Ubwino wake sichitamuka, ndiye mumamva ngakhale kukhudza pang'ono, komanso madzi othamanga sachikankha kwambiri. Kumapeto kwake lumikizani chingwe chosaoneka bwino m'madzi chotchedwa fluorocarbon chotalika mita imodzi kapena imodzi ndi theka, chopirira makilogalamu 4 mpaka 6, chifukwa braid imaduka msanga ikakhuzika pa miyala ndi zigoba. Kunsonga kwake mangani kakilipi kakang'ono kosinthira majigi. Pamafunikanso kaukonde kachigwiriro chachifupi kokoleka pamsana, ndi magalasi ochotsa kunyezimira kwa madzi.

Dragi, kanthu kopotokola pamwamba pa rilo kamene kamalola chingwe kutuluka chikakokedwa, imasulidwe ndithu. Muyeso wake ndi uwu: mukagwedeza ndodo mwamphamvu, rilo ilire pang'ono.

Kaponyedwe, ndi chifukwa chake kumira ndiko kumagwira

Musathamangire kulowa. Sikwidi zimafika m'madzi a m'mawondo, ndipo munthu wolowa mwaphokoso amapitikitsa zimene anadzera. Yambani kuponya muli m'mphepete, kenako muzilowa pang'onopang'ono, mapazi angapo n'kuima, n'kuponya mbali zitatu kapena zinayi musanasunthenso.

Ponyani chopingasa cholozera kumene madzi akuchokera, kuti jigi izimira ikubwera cha kwa inu. Mukaponya kumene madzi akupita, mphamvu yake imanyamula jigi n'kuiyandamitsa pamwamba, osafika pamene sikwidi zili. Jigi ikagwa, kulungani chingwe cholendewera, ndipo yambani kuwerenga. Ngati pamalopo n'pozama mamita 2 ndipo jigi yanu imamira mita pa masekondi 4, pa 8 yafika pansi. Mudzaona chingwe chimene chimalowa m'madzi chikungoti lende. Ulendo woyamba uwu ndi woyezera. Maulendo otsatira muzilekeza pa 6 kapena 7, kuti jigi izidutsa pamwamba pa udzu osakodwa.

Tsopano gwedezani ndodo m'mwamba kawiri kapena katatu mwachangu, uku mukukulunga kamodzi pa kugwedeza kulikonse. Jigi imadumpha uku ndi uku ngati prawn yodzidzimuka. Kenako imani. Gwirani ndodo phee, chingwe chili chokungika pang'ono, ndipo lolani jigi imirenso masekondi 4 mpaka 8.

Ntchito ya kugwedeza ndi kuitana basi. Sikwidi imabwera, n'kuima chapatali pang'ono ikuyang'ana, ndipo imagwira jigi ikamamira mwakachetechete, mutu utaweramira pansi. Jigi ikanjenjemera pa nthawi imeneyi, kaya chifukwa dzanja lagwedezeka kapena mphepo yakoka chingwe, sikwidi imabwerera m'mbuyo. N'chifukwa chake kukakhala mphepo nsonga ya ndodo imatsitsidwa pafupi ndi madzi. Ongoyamba kumene ambiri amagwedeza mosalekeza ngati akuwedza tiger ndi nyambo yachitsulo yotchedwa sipuni, ndipo amabwerako chimanjamanja ngakhale sikwidi zinali pompo.

Kugwira kwake sikumveka ngati kwa nsomba. Nthawi zina chingwe chimangowongoka pang'onopang'ono. Nthawi zina chimalendewera nthawi yofika pansi isanakwane, kusonyeza kuti china chanyamula jigi. Kawirikawiri mumangoti mugwedezenso n'kumva kulemera, ngati mwakola pepala lapulasitiki lodzaza madzi. Zikatero kwezani ndodo kamodzi molimba koma mosakhadzula. Sikwidi imakhala itakumbatira thupi la jigi, ndipo kukweza kumeneko kumatsetsereketsa jigi kuti timisomali ta kumchira tilowe m'miyendo.

Ikakola, lamulo ndi limodzi: chingwe chisalendewere ngakhale sekondi. Popeza timisomali tilibe kadzino, chimene chikusunga sikwidi ndi kukungika kwa chingwe kokha. Musamakweze ndi kutsitsa ndodo monga mumachitira ndi nsomba yaikulu. Ndodo ikhale m'mwamba malo amodzi, inu muzikulunga mofatsa. Mudzamva ikukoka mwa apo ndi apo pamene ikupopa madzi, ndipo musalimbane nayo, dragi ichite ntchito yake. Mukavuula jigi ili ndi kachidutswa ka mwendo woyera, dziwani kuti sikwidi inagwira ndi mwendo wautali umodzi ndipo inu munakoka mopitirira, kapena dragi inali yothina.

Yang'ananinso kumbuyo kwa sikwidi imene mukukokayo. Zimayenda m'magulu, ndipo nthawi zambiri ina imatsatira. Mnzanu akaponya jigi pambali pake, angagwire yachiwiri. Jigi ikafika pafupi ndi inu popanda kanthu, musaivuule msanga, iimitseni masekondi angapo, popeza zina zimalondola mpaka pamiyendo panu.

Inki ndi ukonde

Sikwidi ikafika pafupi isiyeni ilavule inki (madzi ake akuda bii aja) ili m'madzi, kapaipi kake katalozera kwina. Ukonde muuike kumbuyo, ku nsonga ya thupi, osati kumene kuli miyendo ndi jigi. Ikadzidzimuka imathawa chafutambuyo n'kudzilowetsa yokha. Mukadzera kutsogolo, timisomali timakola ukonde, chingwe n'kulendewera, sikwidi n'kupita. Poigwira ndi manja gwirani kumbuyo kwa mutu, zala zitalikire mlomo uja chifukwa umaluma. Pochotsa jigi mungoitembenuza, imatuluka yokha.

Ipheni nthawi yomweyo poibaya pakati pa maso ndi kachitsulo kosongoka, kamodzi cholozera kuthupi, kenanso cholozera kumiyendo. Mukabaya pamalo pake khungu limayera mbuu pompo. Ikani m'thumba lotseka, thumbalo pa ayezi. Isakhudzane ndi madzi a ayezi wosungunuka, chifukwa madzi opanda mchere amafewetsa nyama yake ndi kuisukulutsa. Inki ikagwera pa chovala tsukani isanaume. Ikakhala pa nsalu ya jigi ichotseni ndi mswachi wakale. Pomaliza tsiku tsukani majigi ndi rilo m'madzi a pampopi kuti mchere usadye zitsulo, ndipo timisomali topindika muwongole, chifukwa kamodzi kotseguka n'kokwanira kutayitsa sikwidi.

Kukhitchini nkhani ndi yaifupi: mphindi ziwiri pamoto waukali, apo ayi kupitirira theka la ola pamoto wochepa. Pakati pa nthawi ziwirizi imalimba ngati labala.

Madzi omwewo ndiwo ngozi

Apa pakufunika kufatsa, chifukwa munthu wokulira ku Chawama kapena ku Chipata alibe chomuchenjeza m'thupi kuti madzi amene waimamo akukwera. Nyanja sidzaza mofanana ola lililonse. Imayamba pang'onopang'ono, imathamanga pakati, n'kufatsanso kumapeto. Amalinyero amagawa kukwera konse m'magawo 12: ola loyamba gawo 1, lachiwiri 2, lachitatu 3, lachinayi 3, lachisanu 2, lomaliza 1. Pamalo pamene madzi amakwera mamita 3, ndiye kuti ola loyamba akwera masentimita 25 okha, munthu n'kumati palibe chikuchitika, koma ola lachitatu akwera masentimita 75 ndipo lachinayi enanso 75. Madzi amene anali m'kakolo afika m'chiuno pa ola limodzi. Ku Beira, mwezi ukakhala wathunthu, kusiyana kwa madzi odzaza ndi ophwa kumafika mamita 6.

Choopsa kwambiri n'chakuti madzi sabwera kuchokera kutsogolo kokha. Amayamba kudzaza makwawa otsika, ndipo khwawa limene munawoloka lili ndi madzi a m'kakolo lingakhale kumbuyo kwanu. Inu muli pa mchenga wokwera, maso ali pa chingwe, pamene njira yobwerera yatsekeka. Musanalowe, onani ndandanda ya nthawi za kudzaza ndi kuphwa ya doko lapafupi, imene imapezeka pa foni. Kayendereni malowo madzi ataphwa kuti muone maenje, udzu ndi matope. Sankhani mwala kapena mtengo ngati chizindikiro, ndipo madzi akafika pamenepo tulukani, kaya zikugwira kapena ayi. Musapitirire m'ntchafu ngati madzi akuthamanga, valani jekete yoyandamitsa, ndipo musapite nokha.

Kumapazi valani nsapato zotseka za pansi polimba. Mapatapata amatsalira m'matope, jombo zimadzaza madzi n'kulemera, ndipo zigoba za nkhono za m'nyanja zotchedwa oyster zimacheka ngati lezala. Poyenda muzikhwekhwereza mapazi pansi m'malo moponda. Nsomba yaphanthiphanthi yotchedwa stingray imadzikwirira mumchenga, ndipo ikamva phazi likubwera imathawa, koma ikapondedwa imabaya ndi munga wa kumchira. Wobayidwa aviike balalo m'madzi otentha amene khungu lingapirire osapsa, popeza kutentha kumachepetsa ululu, ndipo apite kuchipatala. Matope a m'mitengo ya mangrove, yomera m'madzi amchere a m'gombe, amamiza mwendo mpaka m'bondo, ndiye alambalaleni.

Mchere suthamangitsa ng'ona. M'mathiriro ambiri a ku Mozambique ndi kumpoto kwa KwaZulu-Natal muli ng'ona ndi mvuu, komanso shaki imene kummwera kuno amaitcha Zambezi shark chifukwa imakwera mitsinje. Mwambi uja wakuti mlendo ndi amene amadza ndi kalumo kakuthwa usakunamizeni pa nkhani iyi: asodzi a pamalopo akanena kuti pano sitilowa, musalowe. Ponyani muli pamtunda kapena pa doko, jigi imagwira chimodzimodzi.

Malamulo ndi mazira

Monga kuno kwathu usodzi umatsekedwa m'madera ambiri kuyambira pa 1 Disembala mpaka kumapeto kwa Febuluwale kuti nsomba ziswane, maiko a kunyanja nawo ali ndi malamulo awo. Ku South Africa wowedza mongosangalala amafunika chilolezo, ndipo pali malire a chiwerengero cha sikwidi pa tsiku. Kulikonse kumene mwapita, kaya mwadzera pa Chirundu ndi ku Zimbabwe kulowera ku Mozambique kapena mwakwera TAZARA pa Kapiri Mposhi kupita ku Dar es Salaam, funsani ku ofesi ya zausodzi musanaponye, makamaka pafupi ndi malo otetezedwa.

Pa udzu womwe mukuyendapowo mungaone timatumba toyera tolendewera m'magulu, tooneka ngati zala. Amenewo ndi mazira a sikwidi. Popeza makolo ake sakhala nthawi yaitali akaikira, sikwidi za chaka chamawa pamalopo zili m'timatumbato. Yendani pa mchenga, muziponyera pa udzu, ndipo jigi ikakola tsango la mazira libwezereni m'madzi pomwepo lisanaume.